Nyumba imakonzeka, malo sasunthika

Miyezi ya June, July ndi August ndiyo imene ndalama imaoneka m'boma lathu lino la Mchinji. Fodya wapita ku okushoni, soya ndi mtedza zakwera sikelo, ndipo amene mvula inawakomera ali ndi kangachepe m'thumba. Ndi miyezi yomweyi imene mawu akuti "puloti" amamveka paliponse: m'minibasi, pachigayo, potuluka m'tchalitchi, ngakhale kusukulu aphunzitsi tikamamwa tiyi pa buleki. Uyu akugulitsa, uyo akufuna, ndipo pakati pawo pali mnyamata wa foni ziwiri amene akulumbira kuti mukachedwa mpaka Lachisanu, malowo atengedwa ndi bwana wina wa ku Lilongwe.

Kufuna pako si mlandu. Ife aphunzitsi, anamwino, apolisi ndi alangizi a zaulimi timakhala m'nyumba za boma kapena za lendi, ndipo tonse tikudziwa kuti tsiku lopuma pantchito makiyi amabwezedwa. Mlimi amene wapeza bwino chaka chino akufuna kanyumba pa Kamwendo kapena ku Boma koti kazimubweretsera ya sopo mwezi ndi mwezi. Mwana wathu amene akukhetsa thukuta ku Joni akufuna kuti tsiku lobwerera adzafikire pakhomo pake. Pamwamba pa zonsezi, tachulukana. Kalembera wa 2008 anapeza anthu pafupifupi 456,000 m'boma lino, wa 2018 anapeza oposa 600,000, koma nthaka ndi yomwe ija. Ndipo chitsegulireni boda yatsopano ya Mchinji-Mwami mu 2022, malo a m'mbali mwa msewu wa M12 akulimbiranidwa ngati feteleza wotsika mtengo.

Chimene chikundidetsa nkhawa, abale anga, n'chakuti tikapita kukaona malo timatha nthawi pa zinthu zimene sizivuta kusintha, n'kusiya zimene sizisinthika. Timagogoda khoma kuti timve ngati njerwa zake n'zootcha, timawerenga malata, timaponda pansi kuti tione ngati simenti yake ndi yolimba. Zonsezi n'zabwino. Koma denga lodontha mmisiri amalikonza tsiku limodzi, ndipo khoma long'aluka limagwetsedwa n'kumangidwanso. Dambo simungalisamutse. Bala ya neba simungaitseke. Mkangano wa pabanja la amene wakugulitsani malo simungaumate ndi thumba la simenti. Pogula nyumba mumagulanso njira yake, madzi ake, phokoso lake, anansi ake ndi milandu yake. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tiyambe ndi madzi a mvula, pakuti apa ndi pamene nyengo ino imatinamiza kwambiri. Mu July malo aliwonse amaoneka abwino. Udzu wamwetedwa kapena wapsa, pansi pauma gwa, galimoto ikufika mpaka pakhomo. Koma gawo lalikulu la boma lathu ndi chigwa chodzaza ndi madambo amene amathira madzi mu Bua, mu Rusa ndi m'timitsinje tina tambirimbiri. Dambo la mu July limaoneka ngati bwalo la mpira. Ikafika February limabwerera pantchito yake. Madzi saiwala khwawa, ngakhale pakhwawapo mutamangapo nyumba ya matailosi.

Njira yabwino ndi kukaona malowo mvula ili pakati, tsiku limene yagwa usiku wonse. Ngati simungadikire dzinja, malo amakhala ndi zizindikiro zimene sabisa ngakhale kutauma. Dothi lakuda la makande limene lachita ming'alu yoti n'kulowetsamo dzanja likukuuzani kuti limafufuma likamwa madzi ndi kunyala likauma, ndipo kufufuma ndi kunyalako ndi kumene kumang'amba maziko a nyumba. Bango, nsenjere ndi mitengo ya katope sizikonda pouma. Yang'anani m'munsi mwa makoma a nyumba zoyandikana ndi malowo. Ngati pulasitala wasupuka mpaka m'mawondo, kapena pali mzere wobiriwira ngati ndere, ndiye kuti chinyezi chimakwera. Ngati anansi onse anakweza makonde awo masitepe atatu, sanachite zimenezo pofuna kukongoletsa. Ndipo funsani funso limene ambiri timachita nalo manyazi: kodi zimbudzi kuno zimatha zaka zingati? Kumene chimbudzi chimagwa dzinja lililonse, madzi a pansi ali pafupi, ndipo chimene chikugwetsa chimbudzi cha neba chidzafikanso pa maziko anu.

Tisamaganize kuti madzi osefukira ndi nkhani ya ku Nsanje ndi ku Chikwawa kokha. Mu 2017 mtsinje wa Lingadzi unasefukira n'kugwetsa nyumba ku Mtandire, m'kati mwenimweni mwa likulu la dziko. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche, matope ndi miyala n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa. Amene anamanga m'malo amenewo sanali opusa ayi. Ambiri anali anthu ngati inu ndi ine, amene anapeza puloti yotsika mtengo kunja kuli ng'a. Nafenso tili ndi mapiri athu, ndipo mitengo yake ikutha ndi makala ndi mauvuni a njerwa. Phiri likavula, madzi amatsika ndi liwiro limene agogo athu sanalione. Choncho wogulitsa akakuuzani kuti "pano sipanadutsepo madzi chibadwire changa", kwezani maso muone ngati mitengo imene inkagwira madziwo ikadalipo.

Onaninso maenje amene oumba njerwa anasiya. M'chilimwe ndi maenje chabe, koma m'dzinja ndi madziwe oswera udzudzu, ndipo kwa mwana wongophunzira kuyenda ndi msampha.

Madzi akumwa amafuna ulendo wawowawo, ndipo nthawi yake ndi October kapena November. Mjigo umene ukutulutsa madzi mu June sunakuuzeni kanthu. Lawirirani pamjigo cha m'ma 5 koloko, muwerenge zidebe zimene zili pamzere. Amayi amene muwapeze pamenepo ndiwo akatswiri enieni a deralo, ndipo alibe phindu lililonse pa malonda anu. Mukawapatsa moni mwaulemu adzakuuzani ngati mjigowo umaphwa, ngati madzi ake ndi amchere kapena amafiiritsa zovala, komiti yake imatolera zingati pamwezi, ndiponso kuti ukawonongeka umagona masabata angati. Ku Boma kumene kuli mipopi ya Central Region Water Board, funsani kuti paipi yaikulu yathera pati, chifukwa mtunda wotsalawo ungadzatuluke m'thumba mwanu. Ngati mudzadalira chitsime cha pakhomo, yezani kuchokera pamene mudzakumbe kukafika pa zimbudzi za anansi, makamaka za kumtunda kwanu. A zaumoyo amalangiza mamita osachepera 30, koma pa timapuloti tothithikana timene tikudulidwa masiku ano, mamita 30 amenewo sapezeka. Kolera ya 2022 mpaka 2023, imene inatenga miyoyo yoposa 1,700 m'dziko muno, inationetsa zimene zimachitika chimbudzi ndi chitsime zikamamwera pamodzi.

Tsopano tifike pa nkhani imene yadzaza mabwalo a mafumu ndi makhoti: kodi amene akukugulitsaniyo ndi mwini wakedi? Malo ambiri kuno ndi a makolo. Mwa mwambo wathu, malo otere si njinga yoti munthu mmodzi angadzuke m'mawa n'kukaigulitsa. Amene akulimapo ndi wosunga chabe. Kumbuyo kwake kuli abale, ena ali m'maesiteti ku Kasungu, ena ku Chipata, ena sanabadwe n'komwe. Kwa Mlonyeni kuno nkhaniyi ndi yolukanalukana chifukwa tinasakanikirana, Angoni ndi Achewa. Banja lina limatsata kuchimuna: malo ndi a bambo ndipo amapita kwa ana. Banja loyandikana nalo limatsata kuchikazi: mawu omaliza ali ndi amalume ndi mbumba yawo, ndipo bambo amene mwawapeza akusosa pamalopo ndi mkamwini amene sangagulitse ngakhale chulu. Musanatulutse tambala, dziwani kuti banja limeneli limayendera mwambo uti, ndipo amene ali ndi mawu pa mwambo umenewo akhalepo, avomere ndi pakamwa pawo, asainenso.

Ngati mwini malo anamwalira, chenjerani kawiri. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Achimwene a malemu amene akugulitsa nyumba "m'malo mwa banja", pamene mayi wamasiye anabwerera kwawo ndi ana, akukugulitsani mlandu. Anawo adzakula. Ena mwa iwo ndi amene tikuwaphunzitsa ku Fomu 2 lero, ndipo tsiku lina adzabwera akudziwa kuwerenga malamulo.

Ambiri timakhulupirira kuti chidindo cha anyakwawa chimatha zonse. Chidindo n'chofunika, ndipo sindikunyoza mafumu athu, amene ambiri a iwo amasenza ntchito yolemetsa mokhulupirika. Koma chidindo chimangonena kuti amfumu anaona. Sichinena kuti amalume anavomera, sichisonyeza pamene malire athera, ndipo ufumu ukakhala wolimbirana, wolowa m'malo akhoza kukana zimene mnzake anachita. Mphunzitsi mnzanga wina, amene anasamutsidwa kuno zaka zapitazo, anagula puloti ndi ngongole, pepala lodinda bwinobwino lili m'manja. Atathira njerwa ndi mchenga, kunatulukira bambo wina ndi pepala lakenso: chidindo chomwecho, malo omwewo, koma deti la chaka cham'mbuyo. Nkhaniyo inayenda zaka ziwiri. Njerwa zinatha ndi akuba, mchenga unapita ndi mvula, koma ngongole ankadulidwa mwezi uliwonse osaphonya. Chimene chikanamupulumutsa sichinali chodula: kungogogoda pa makomo anayi ozungulira pulotiyo n'kufunsa kuti, "Kodi pano ndi pa yani, ndipo panabwerapo wina kudzayeza?" Anansi onse ankadziwa. Safunsa anadya phula.

Malamulo a za malo anasintha mu 2016 ndipo anakonzedwanso mu 2022. Lamulo la malo a makolo linabweretsa makomiti a za malo, amene wapampando wake ndi agulupu, pamodzi ndi anthu 6 osankhidwa ndi anthu a m'deralo, ndipo osachepera atatu mwa iwo ayenera kukhala amayi. Linatsegulanso njira yoti munthu kapena banja alembetse malo awo n'kukhala ndi chikalata cha umwini. Kusintha kwa 2022 kunakhwimitsa nkhani yogulitsa malo, makamaka kwa anthu amene si nzika za dziko lino, ndipo ife a m'malire, amene abale athu ena ali tsidya linalo, zimenezi zikutikhudza. Choncho ulendo wa ku ofesi ya za malo ku khonsolo si wa anthu olemera okha. Pitani ndi dzina la mudzi, la agulupu ndi la wogulitsa, mukafunse ngati malowo ndi ololedwa kugulitsidwa n'komwe, ndiponso ngati pulani ya khonsolo sinaikepo msewu, msika kapena sukulu. Thiransipoti ya ku Boma ndi yotsika mtengo kuposa loya.

Musaiwalenso kuti Mchinji ndi boma la maesiteti. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 malo ambiri a makolo anasandutsidwa a lizi kuti pazilimidwa fodya. Ena mwa maesiteti amenewo anagona, eni ake anamwalira, anthu analowamo n'kuyamba kulima, ndipo lero akudulidwa mapuloti. Mukamva kuti malo anali esiteti, mafunso ndi atatu: lizi ili m'dzina la yani, inatha kapena idzatha liti, ndipo kodi sinaperekedwe ku banki ngati chikole? Zimenezi zimafufuzidwa ku unduna wa za malo ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 110, ulendo wopita ndi kubwera tsiku lomwelo. Kapitawo wakale wa esiteti, ngakhale atakhalapo zaka 30 ndipo aliyense amamuwopa, si mwini lizi.

Pali malire ena amene wogulitsa sangakuonetseni, chifukwa ndi amene akuchititsa kuti puloti ioneke yaikulu. Msewu waukulu ngati M12 uli ndi malo ake, mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati pa msewu. Mukamanga m'menemo, tsiku limene boma lidzafune kukuza msewu mudzapeza chizindikiro chofiira pakhoma, ndipo chipukuta misozi musachiwerengere. Njanji imene inalumikizidwa mpaka ku Chipata mu 2010 ili ndi malo akenso, ndipo kusowa kwa sitima sikutanthauza kuti njanji inafa. Kunsi kwa mawaya akuluakulu a ESCOM sikumangidwa nyumba. Nkhalango yotetezedwa ya Mchinji ili ndi malire ake, ngakhale pamene mitengo inatha kalekale n'kumaoneka ngati tsala la munthu.

Ife tili ndi mzere winanso umene anzathu a ku Dowa kapena ku Ntchisi sauganizira: malire a dziko. Kuno malire athu ndi Zambia satsata mtsinje woti aliyense auone. Amatsata mtunda umene umagawa madzi, ena kulowera ku Luangwa, ena kubwera ku Bua mpaka kukathera m'nyanja ya Malawi. Mudzi umodzi ukhoza kukhala uku ndi uko, chilankhulo chimodzi, maliro amodzi. Pamene maboma awiriwa ankatsimikizanso malirewa ndi kuika zipilala, mabanja ena anadzuka n'kupeza kuti munda umene akhala akulima uli m'dziko lina. Ngati malo amene mukufuna ali kufupi ndi malire, pemphani kuti akuonetseni chipilala ndi maso anu. Chidindo cha mfumu ya ku Malawi sichingakutetezeni pa nthaka ya Zambia.

Mapepala akakhala bwino, kwatsala funso la anthu. Apa langizo langa ndi lakuti mupite katatu: m'mawa wa tsiku la sukulu, masana a tsiku la msika, ndi usiku wa Loweruka la kumapeto kwa mwezi. Malo ndi amodzi, koma mudzaona midzi itatu. Nyumba ya zii imene munaiona Lachiwiri masana ikhoza kukhala kuti ili kuseri kwa bala imene sipika yake imalira mpaka tambala woyamba. Chigayo, malo owotcherera zitsulo, khola la nkhumba, nyumba yoonetsera kanema, poima mathiraki odikira kuoloka boda: zonsezi ndi njira zimene anzathu akupezera chakudya, ndipo anayamba inu musanabwere. Simudzawasamutsa. Funso ndi lakuti, kodi mungakhale nazo zaka 20?

Ine zotsatira zake ndimaziona m'kalasi. Mwana amene amawodzera pa piriyodi yoyamba nthawi zambiri si waulesi. Mukamufunsa bwino mumapeza kuti zenera la chipinda chake layang'anana ndi shabini. Mtsikana amene njira yake ya kusukulu imadutsa poima mathiraki ndi pa mabala amamva tsiku ndi tsiku mawu amene mwana wa zaka 15 sayenera kumva, ndipo si onse amene amafika nawo ku Fomu 4. Puloti ya pafupi ndi boda ndi yabwino kumangapo sitolo kapena nyumba za lendi. Kulererapo ana ndi nkhani ina. Dziwani chimene mukugulira malowo musanasankhe pamene ali.

Za umbava musafunse wogulitsa. Funsani anyamata a kabaza, amene amadziwa njira imene sayenda dzuwa likalowa. Onani ngati mbuzi zimagona m'khola panja kapena eni ake amagona nazo m'nyumba. Funsani ngati kuli apolisi a m'mudzi, ndipo ngati amayendadi usiku kapena anangotsala dzina. M'dera la m'malire, ng'ombe kapena njinga yamoto ikabedwa, kuoloka nayo sikutenga ola.

Kumbukiraninso kuti kumene mukupitako mukakhala wobwera. Kaonekereni kwa amfumu musanagule, osati mutafika pa lintala. Funsani m'mene mudzi umachitira pa maliro, amasonkha bwanji, ndipo obwera amaikidwa kuti. Dziwani pamene pali manda ndi dambwe. Njira ya kumanda, ya kumjigo ndi ya ng'ombe popita kudambo zilibe mapepala, koma mpanda wanu ukazitseka mudzadana ndi mudzi wonse, ndipo tsiku la vuto mudzalira nokha. Mudzi umene anthu amathamangirana pa matenda ndi pa zovuta ndi chitetezo choposa mpanda wa njerwa wokhala ndi mabotolo pamwamba.

Nanga mtunda? Puloti yotsika mtengo ya kutali nthawi zina ndiyo yodula. Tiyerekeze kuti mwapulumutsa K1 miliyoni pogula malo akutali ndi msewu, koma kupita kuntchito ndi kubwerera kukufuna K2,000 ya kabaza patsiku. Masiku 20 pamwezi ndi K40,000. Pakutha pa miyezi 25 miliyoni ija yapita, ndipo mtunda ukadali womwewo. Yendani wapansi kuchokera pa pulotiyo kukafika kusukulu ya pulaimale, mukuganizira miyendo ya mwana wa Sitandade 1, ndipo muone ngati panjira pali mtsinje wopanda mlatho. Dzifunseni kuti mayi akayamba kudwala pakati pa usiku mu January, mudzafika bwanji ku Kochilira, ku Guilleme kapena kuchipatala chachikulu ku Boma. Imani pakati pa puloti muimbe foni, chifukwa m'madera ena a kuno foni imathawira ku netiweki ya ku Zambia, mayunitsi n'kumangotha, ndalama ya pafoni osatumizika.

Za magetsi, mawu akuti "akubwera chaka chino" ndi akale kwambiri m'midzi yathu. Werengani mapolo amene angafunike kuchokera pamene waya wathera. Pulogalamu ya MAREP yafikitsa magetsi m'malo ambiri a malonda, koma kufika pamsika si kufika pakhomo panu. Lipirani mtengo wa malowo monga alili lero, osati monga adzakhalire malonjezo akadzakwaniritsidwa.

Ndikudziwa zimene ena mukunena: "Aphunzitsi, zonsezi n'zoona, koma ndalama ya masiku ano siidikira." Mukunena zoona. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo amene anasunga ndalama m'nyumba anaiona ikusungunuka ngati mchere. Mtengo wa puloti nawo sukhala pansi. Koma taganizani: ndalama ikagwa mphamvu mumataya gawo, pamene mukagula dambo kapena malo a mkangano mumataya yonse, n'kuwonjezapo ya milandu. Zambiri zimene ndatchulazi sizifuna chaka. Kufunsa anansi, kuonana ndi amfumu, kupita ku khonsolo ndi kuyendera malo katatu, zonsezi zimatheka m'masabata awiri. Ngati mukuwopa kuti ndalama iphwa podikira dzinja, gulani malata ndi zitsulo musunge, pakuti zimenezo siziwola ndipo zidzagwira ntchito paliponse pamene mudzamange. Amene angathe, achite lendi m'deralo dzinja limodzi. Miyezi inayi ya lendi idzakuphunzitsani zimene dobadoba sangakuuzeni.

Wogulitsa amene akukana kuti mufunse anansi, amene akufuna ndalama yonse lero, amene akuti amalume ali kutali ndipo alibe foni, wakuuzani kale zonse zimene muyenera kudziwa. Mwini malo weniweni saopa mafunso.

Sindikunena kuti mudzapeza malo opanda chilema. Kulibe. Pafupi ndi msika pali phokoso, kutali ndi msika kuli mtunda. Pamtunda chitsime n'chakuya, kumunsi kuli chinyezi. Nkhani ndi yakuti musankhe chilema chimene mwachiona ndi maso anu ndipo mwavomera kuchisenza, osati chimene chidzakudzidzimutseni mvula yoyamba ikadzagwa. Ndipo posankhapo musapite nokha. Abambo, tengani mayi a kunyumba. Iwo ndi amene adzatunge madziwo, adzaperekeze ana kusukulu ndi kukhala ndi anansiwo tsiku lonse, ndipo adzaona zimene inu simungaone. Mayina a nonse awiri alembedwe pa pepala, kuti mmodzi akadzatsogola wotsalayo asadzathamangitsidwe.

Tsiku lolipira likafika, yendani malire onse pamodzi ndi wogulitsa, abale ake, amfumu ndi anansi a mbali zonse zinayi, ndipo pangodya iliyonse pakhomedwe chizindikiro chosazuka, onse akuona. Pepala lilembedwe miyezo ya malowo, mayina a oyandikana nawo, mtengo, deti ndi manambala a ziphaso za unzika za wogulitsa ndi mboni. Lipirani kudzera ku banki kapena pafoni kuti pakhale umboni, ndipo ngati n'kotheka lipirani m'magawo, gawo lomaliza mapepala onse atatha. Inu amene muli ku Joni kapena ku Cape Town, chithunzi cha pa WhatsApp chimaonetsa pamene wojambula wafuna kuti muone. Tumani anthu awiri osiyana, amene sakudziwana, akaone malowo masiku osiyana, kenako muyerekeze zimene akuuzani.

Ndalama ya fodya imabwera kamodzi pachaka. Ya penshoni imabwera kamodzi pa moyo wonse. Ndalama yotere si yoperekera pa shelefu ya golosale chifukwa choti wina wanena kuti Lachisanu malo atengedwa. Akatengedwa, atengedwe. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Sabata ya mawa, Mulungu akalola, tidzakambirana za pangano ndi mmisiri womanga: kulipira pa tsiku kapena pa gawo la ntchito, ndiponso chifukwa chimene matumba a simenti amachepera usiku.